Ana anga amakhoza masamu m'kalasi, nanga bwanji mafunso a Olympiad akuwakanika?

Funso

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera, ndipo teremu ino ndayambitsa kalabu ya masamu. Ndinatenga mafunso a mpikisano wa International Mathematical Olympiad pa intaneti n'kuwapatsa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene amakhoza bwino. Mtsikana wina amene m'kalasi palibe womuposa anakhala maola awiri osalemba ngakhale mzere umodzi, ndipo pano akuti kalabu aisiya. Inenso ndinalimbana ndi funso lomaliza la mu 1988 usiku wonse koma silinatheke. Kodi masamu amenewa ndi a anthu obadwa ndi mphatso okha? Ndiyambire pati?

Yankho

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cholemba, komanso chifukwa chopereka nthawi yanu yopuma ku kalabu imeneyi. Ndiyambe ndi funso limene linakuchezetsani usiku lija. Linafunsidwa ku Canberra, m'dziko la Australia, ndipo mwa ophunzira oposa 250 amene mayiko awo anawasankha kuti ndiwo akatswiri, 11 okha ndi amene anapeza malikisi onse 7. Terence Tao, amene lero ndi mmodzi mwa akadaulo a masamu odziwika padziko lonse, analemba nawo mayesowo ali mwana wa zaka pafupifupi 13. Anapata mendulo ya golide chaka chimenecho, koma pa funso limeneli anangopeza 1 pa 7. Choncho kukanika kwanu kwa usiku umodzi kusakudandaulitseni. Chimene chinavuta n'chakuti munayambira pamwamba penipeni, ndipo anawo munawayambitsiranso pomwepo.

Mpikisanowu unayamba mu 1959 ku Romania ndi mayiko asanu ndi awiri, ndipo masiku ano mayiko oposa 100 amatenga nawo mbali. Dziko lililonse limatumiza ophunzira osapitirira asanu ndi mmodzi. Amalemba masiku awiri, tsiku lililonse mafunso atatu okha m'maola anayi ndi theka. Tawerengetsani: ola limodzi ndi theka pa funso limodzi, kwa mwana amene wakhala akukonzekera miyezi yambiri, mwinanso zaka. Ngakhale zili choncho, ambiri amatuluka asanamalize ndi theka lomwe la mafunsowo. Nthawi zambiri loyamba ndi lachinayi ndiwo opepukirako, lachitatu ndi lomaliza ndiwo ouma gwa. Ndiye mtsikana wanuyo sikuti nzeru zinamuthera. Anakumana koyamba ndi funso lofuna kukhala nalo pansi nthawi yaitali, ndipo panalibe amene anamuchenjeza kuti zimatero.

Funso la MSCE limabwera litanyamula chida chake. Mwana akaona quadratic amadziwa fomyula yake. Akaona thirayango imene apatsidwa mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pake, amakumbukira cosine rule. Ntchito yake ndi kukumbukira n'kuwerengetsa mwachangu mosaphonya. Ndi luso lofunika, sindikulinyoza. Funso la mpikisano silikuuzani chida. Silifuna calculus, kakyuleta saloledwa, ndipo mfundo zimene limatsamira mwana wa Fomu 3 anazimvapo kale: kugawa ndi zotsala, mafakita, ngodya za mu circle, Pythagoras. Limangobisa kanthu kamodzi kamene ukakaona, zina zonse zimamasuka. Komanso kawirikawiri yankho lake si nambala ayi, ndi umboni, kutanthauza kufotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chake chinthu chiyenera kukhala choncho nthawi zonse, mpaka wotsutsa asowe polowera.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: kanthu kobisikako sakapeza poyang'anitsitsa pepala loyera. Amakapeza poseweretsa manambala ang'onoang'ono ndi zojambula mpaka katadziwonetsa kokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa m'masamu n'kwa munthu amene pensulo yake ikuyenda. Mtsikana wanuyo anakhala maola awiri osalemba chifukwa sukulu inamuzoloweza kuti papepala timalembapo zokhazo zimene tikudziwa kuti n'zolondola. Chizolowezi chimenecho ndicho choyamba kuchotsa.

Tiyeni tichoke ku 1988 tibwerere ku funso loyamba lenileni la mpikisanowu, la mu 1959. Likuti: sonyezani kuti fulakishoni (21n + 4)/(14n + 3) singachepetsedwe, n akhale nambala yathunthu iliyonse. Kunena kwina, palibe nambala yoposa 1 imene ingagawe yam'mwamba ndi yam'munsi yomwe popanda chotsala. Mwana wozolowera mayeso adzakufunsani kuti fomyula yake ndi iti. Inu mumuuze aike n = 1. Apeza 25/17. Aike 2, apeza 46/31. Aike 3, apeza 67/45. Zoonadi, sizikuchepetseka. Tsopano mumufunse: ungatsimikize bwanji kuti 67 ndi 45 alibe fakita yofanana, osachita kulemba mafakita onse? Ngati nambala ina ikugawa 67 komanso 45, iyenera kugawanso kusiyana kwawo, 22. Ngati ikugawa 45 ndi 22, igawanso 45 − 2 × 22, yomwe ndi 1. Nambala yogawa 1 ndi 1 yemweyo basi. Achitenso chimodzimodzi ndi 46 ndi 31: kusiyana kwawo ndi 15, ndipo 31 − 2 × 15 = 1. Ndi 25 ndi 17: kusiyana ndi 8, ndipo 17 − 2 × 8 = 1. Pofika kachitatu apa muona nkhope yake ikusintha, chifukwa wazindikira kuti akuyenda njira imodzimodzi nthawi zonse. Abwezeretse n tsopano: (21n + 4) − (14n + 3) = 7n + 1, ndipo (14n + 3) − 2(7n + 1) = 1. Umboni wathera pomwepo, mizere iwiri yokha. Njira yochotserachotsera imeneyi ndi ya Euclid, katswiri wa masamu wamakedzana, yakhalapo zaka zoposa 2,000, koma dzina lake mudzamuuze ataipeza kale yekha.

Kuyesa manambala ang'onoang'ono kuli ndi msampha wake. Ana ena akayesa katatu n'kuona kuti zikutheka, amangolemba kuti ndiye kuti n'zoona. Amenewo apatseni n² + n + 41, chitsanzo chodziwika ndi dzina la katswiri wa masamu Euler. Poika 0, 1, 2, 3, 4 apeza 41, 43, 47, 53, 61, onsewo ma prime, manambala amene sagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Zimapitirira choncho mpaka n = 39. Pa 40 zimasweka: 1681 ndi 41 × 41. Kutheka ka 40 motsatizana sikunakwane kukhala umboni. Kuyesa kumangosonyeza kolowera.

Kalabu yanu ndikanakonda iyambire pa combinatorics, masamu owerenga njira ndi masanjidwe a zinthu, chifukwa safuna kuti mwana akhale atamaliza silabasi. Wa Fomu 1 atha kumuposa wa Fomu 4, ndipo zimenezo zimaisangalatsa kalabu. Tengani bolodi la dirafuti, lomwe anyamata amasewerapo ndi zitsekero za mabotolo lija, la timabokosi 8 uku ndi 8 uku, tonse pamodzi 64. Tsekani timabokosi tiwiri ta m'makona oyang'anizana chopingasa, tatsala 62. Dulani timapepala 31, kalikonse kokwana kuphimba timabokosi tiwiri togundizana. Kodi n'zotheka kuphimba bolodi lonselo? Asiyeni ayese ndi manja. Adzasuntha timapepalato uku ndi uku, nthawi zonse n'kutsala ndi timabokosi tiwiri tosagundizana. Musawauze kanthu, mungofunsa kuti totsalato n'tamtundu wanji. Wina adzazindikira kuti totsala timakhala ta mtundu umodzimodzi nthawi zonse, ndipo pamenepo ndiye pagona nkhani. Kapepala kalikonse, kaya mwakaika choimirira kaya chogona, kamaphimba kabokosi kakuda kamodzi ndi koyera kamodzi. Makona oyang'anizana chopingasa ndi a mtundu umodzi, choncho patsala 30 ta mtundu wina ndi 32 ta mtundu winawo. Timapepala 31 tikufuna 31 ndi 31. Sizingatheke, ngakhale mutayesa mpaka kukalamba. Taonani kuti funso silinatchule za mtundu wa timabokosi, koma mtunduwo ndiwo unali kiyi. Mafunso ambiri a mipikisano amatsegulidwa chonchi, pofunafuna chinthu chimene sichisintha pamene zina zonse zikusintha.

Lina lofanana nalo mungalichite ndi ana enieniwo m'chipindamo. Pa msonkhano uliwonse wa anthu awiri kapena kuposerapo, ena apatsana moni wa m'manja, ena ayi. Sonyezani kuti pali anthu awiri amene agwirana chanza ndi chiwerengero chofanana cha anzawo. Tiyerekeze kuti alipo 10. Aliyense wagwirana chanza ndi anthu pakati pa 0 ndi 9, ziwerengero 10. Koma 0 ndi 9 sizingapezeke pamodzi, pakuti ngati wina wapatsa moni aliyense, palibe amene watsala wosapatsidwa. Ziwerengero zotheka zatsala 9, anthu alipo 10, ndiye awiri ayenera kufanana. Nkhunda 10 zikalowa m'zisa 9, chisa china mukhala ziwiri. Mfundo imeneyi, imene ena amaitchula ndi dzina la Dirichlet, ngakhale mwana woweta nkhunda amaidziwa. Chovuta n'kuzindikira kuti pa funso ili nkhunda ndi ziti, zisa ndi ziti.

Mu jometri kanthu kobisika kaja nthawi zambiri ndi mzere kapena dontho limene funso silinajambule. Mayi akuchoka kunyumba ndi kheni, akatunge madzi ku mtsinje wowongoka, kenako apite ku dimba lomwe lili tsidya lomwelo. Nyumba ili mamita 30 kuchokera ku mtsinje, dimba lili mamita 50, ndipo mukatsata m'mbali mwa mtsinje, kuchokera moyang'anizana ndi nyumba kukafika moyang'anizana ndi dimba pali mamita 60. Atungire pati kuti ulendo wonse ukhale waufupi koposa? Ana ambiri amati atsike molunjika ku mtsinje. Awerengetse: 30 kuphatikiza pafupifupi 78, ndiye mamita 108. Ena ayamba kuika x n'kupanga ma square root awiri amene sakudziwa chochita nawo. Tsopano pindani pepala potsata mzere wa mtsinje, ngati mtsinjewo ndi galasi, kuti nyumba ionekere tsidya linalo, mamita 30 kuseri. Kulikonse kumene mayi angatungire, mtunda wochokera ku nyumba yeniyeni ndi wofanana ndi wochokera ku chithunzi chakecho. Funso lasanduka lakuti: njira yaifupi yochokera pa chithunzi kukafika ku dimba ndi iti? Ndi mzere wowongoka. Utali wake ukutuluka mu thirayango ya mbali 60 ndi 80, ndiye ndi mamita 100 ndendende, ndipo ukudula mtsinje pa mamita 22.5 kuchokera moyang'anizana ndi nyumba. Nzeru imeneyi inalembedwa kalekale ndi Heron wa ku Alexandria. Pa jometri limbikirani zinthu ziwiri. Ajambule chachikulu, ndi rula ndi kampasi, chodzaza theka la tsamba, osati kachithunzi ka m'mphepete mwa kope. Ndipo zimene mumaphunzitsa za ngodya za mu circle ndi cyclic quadrilateral, chojambula cha mbali zinayi chimene makona ake onse ali pa circle, azizigwiritsanso ntchito chobwerera, kuti akaona ngodya ziwiri zofanana azidzifunsa ngati palibe circle yobisika yodutsa m'madontho anayiwo. Mafunso ambiri a jometri ya mpikisano amagona pamenepo.

Pa algebra sindichedwapo. Mfundo yakuti sikweya ya nambala iliyonse singatsike kupitirira 0 imanyamula katundu wodabwitsa. Kuti musonyeze kuti a² + b² + c² sichepera ab + bc + ca, chotsani chachiwiri pa choyamba, muchulukitse ndi 2, mupeza (a − b)² + (b − c)² + (c − a)², ndipo nkhani yatha. Kapena funsani ngati n⁴ + 4 ingakhale prime pamene n ndi woposa 1. Mwana aike 5: apeza 629, yomwe ndi 17 × 37. Aike 3: 85, yomwe ndi 5 × 17. Akawonjezera 4n² n'kumuchotsanso, apeza (n² + 2)² − (2n)², kusiyana kwa masikweya awiri kwa ku Fomu 2 kuja, ndipo mafakita ake ndi n² − 2n + 2 ndi n² + 2n + 2. Poika 5, ndi 17 ndi 37 omwe aja.

Tsopano tibwerere ku lanu la 1988, chifukwa sindikufuna likhale chopinga m'mtima mwanu. Likuti: a ndi b ndi manambala athunthu oposa 0, ndipo ab + 1 imagawa a² + b² popanda chotsala. Sonyezani kuti yankho la kugawako ndi sikweya ya nambala yathunthu, monga 1, 4, 9, 16.

Ndikukhulupirira kuti usiku uja munayamba ndi algebra, kusuntha zilembo uku ndi uku. Pafupifupi aliyense amayamba choncho. Tiyeni m'malo mwake tisake mapeya enieni amene akugwirizana ndi lamulolo. 1 ndi 1 akupereka 2/2 = 1. Mukasakasaka mupeza 2 ndi 8: 68/17 = 4. Kenako 3 ndi 27: 738/82 = 9. Apa munthu amaganiza kuti wagwira, kuti b nthawi zonse ndi a × a × a. Koma yesani 8 ndi 30: 964/241 = 4. Ameneyu ndi mlendo, sakulowa m'ndondomeko ija, ndipo ndi mlendoyu amene amaulula chinsinsi. Ikani pamodzi onse opereka 4: 2 ndi 8, kenako 8 ndi 30. Mukupenya unyolo: 2, 8, 30. Kodi 30 akuchokera kuti? Ndi 4 × 8 − 2. Wotsatira akhale 4 × 30 − 8 = 112, ndipo mukayesa 30 ndi 112 mupeza 13444/3361, yomwe ndi 4 ndithu. Unyolo ulipodi, ndipo ukukwera mosalekeza. Nanga tikautsata chotsika? Pansi pa 30 pali 8, pansi pa 8 pali 2, pansi pa 2 pali 4 × 2 − 8 = 0. Wathera pa 0. Ndiye taonani chimene peya ya 0 ndi 2 ikunena: (0 + 2²)/(0 + 1) = 2². Yankho ndi sikweya chifukwa unyolo uliwonse ukatsika umakathera pa 0, ndipo pamenepo chotsala ndi sikweya ya nambala yomaliza. Yesaninso ndi 9: 0, 3, 27, 240. Ndi chimodzimodzi.

Chatsala n'kusandutsa zimene taonazi kukhala umboni. Yankho la kugawa kuja tilitche k, ndipo tiyerekeze kuti k si sikweya. Mwa mapeya onse a manambala oposa 0 opereka k ameneyu, tisankhe peya imene a + b ndi wochepetsetsa, a akhale wamkulu kapena wofanana ndi b. Lamulo lija, a² + b² = k(ab + 1), tingaliwerenge ngati quadratic: x² − kbx + (b² − k) = 0, ndipo a ndi limodzi mwa mayankho ake. Quadratic imakhala ndi yankho lachiwiri, tilitche c. Zimene mumaphunzitsa kale zikutiuza kuti mayankho awiriwo tikawaphatikiza ndi kb, tikawachulukitsa ndi b² − k. Choncho c = kb − a, nambala yathunthu, ndipo ndi fomyula yomwe ija ya unyolo wathu. Kodi c angakhale 0? Ayi, chifukwa zikanatanthauza kuti b² = k, pamene tanena kuti k si sikweya. Angatsike kupitirira 0? Ayi, chifukwa c² + b² = k(cb + 1), kumanzere kuli nambala yoposa 0, choncho cb + 1 ayenera kuposa 0, zimene sizingatheke c atakhala −1 kapena kutsika apo. Ndiye c ndi woposa 0, ndipo peya ya c ndi b ikuperekanso k yemweyo. Koma c = (b² − k)/a, amene ndi wochepera b²/a, ndipo b²/a sangapose a. Ndiye kuti c ndi wocheperapo kwa a, ndipo tapeza peya yaing'ono kuposa imene tinati ndiyo yochepetsetsa. Zatsutsana zokha, choncho k ayenera kukhala sikweya.

Njira imeneyi masiku ano amaitcha Vieta jumping, potengera dzina la François Viète, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1500, ndipo inatchuka chifukwa cha funso lomweli. Taliwerenganinso: mulibe chinthu chimene mwana wa Fomu 4 sanaphunzire. Chimene chimasowa ndi kulimba mtima kosaka mapeya mpaka kupeza 8 ndi 30, n'kusawataya poona kuti akusokoneza ndondomeko imene unaikonda kale. Ine funso limeneli ndimalikonda chifukwa cha chimenecho.

Za mphatso, sindikunamizani: ilipo, ndipo ana ena amaona msanga kuposa anzawo. Koma zambiri zimene timazitcha mphatso tikamaona ana a mayiko ena ndi zotsatira za kuzolowera. Ku Hungary mipikisano ya masamu ya ana a sukulu inayamba mu 1894, ndipo mayiko amene amachita bwino amasonkhanitsa ana awo m'makampu n'kuwaphunzitsa njira zomwe ndakusonyezanizi mpaka zitawalowa m'magazi. Mwana amene anakumanapo ndi bolodi la dirafuti lija sadzaiwala kufunsa kuti chosasintha n'chiyani. Ameneyo akayankha funso lotsatira m'mphindi khumi, anzake amati ndi mphatso. Mtsikana wanuyo mumuuze za Maryam Mirzakhani wa ku Iran, amene ali wamng'ono ankafuna kudzakhala wolemba mabuku. Anapata golide mu 1994, mu 1995 anapeza malikisi onse 42, ndipo mu 2014 anakhala mkazi woyamba kulandira Fields Medal, imodzi mwa mphoto zapamwamba kwambiri pa masamu. Chaka chomwecho cha 2014 mpikisano wa Olympiad unachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa muno. Ulipo ndi mpikisano wa kontinenti yathu, Pan African Mathematics Olympiad, umene unayamba mu 1987. Mafunso ake akale, pamodzi ndi a zigawo zoyambirira za South African Mathematics Olympiad, ndiwo masitepe oyenera ana anu asanafike pa a dziko lonse.

Pa kayendetsedwe ka kalabu, funso limodzi kapena awiri pa sabata n'zokwanira. Lilembeni pa bolodi Lachisanu, apite nalo kunyumba, alitafune poyenda, potunga madzi, podikira minibasi, mudzakambirane sabata yotsatira. Musathamangire kuwapatsa yankho, chifukwa yankho lowerenga usanavutike nalo limaiwalika m'masiku awiri. Akakakamira, apatseni funso lina laling'ono m'malo mwa yankho, monga lija lakuti totsalato n'tamtundu wanji. Akhale ndi kope lapadera la zoyesayesa, limene simudzalichonga ndi cholembera chofiira, ndipo muziyamikira poyera mwana amene wadzaza masamba atatu ndi njira zimene zakanika, chifukwa ameneyo ndiye wayandikira. Mutu umodzi susenza denga, azigwira ntchito awiriawiri kapena atatuatatu, koma umboni womaliza aliyense alembe yekha, mnzake auwerenge n'kusaka pamene pakudontha. Ndipo aloleni ayambe afotokoza m'Chichewa. Mwana amene angathe kuuza mnzake kuti "ikagawa awiriwa, igawanso kusiyana kwawo" wamvetsa; kulemba m'Chingerezi kubwere pambuyo. Ambiri amabisa kusamvetsa kwawo kuseri kwa zizindikiro ndi mawu oloweza, koma m'chinenero chawo sangabisale.

Inunso musachite manyazi kuima kutsogolo kwawo ndi funso limene simunalimalize. Auzeni kuti nanunso simukudziwa, muyambe kuyesa manambala pa bolodi iwo akuona, mufufute, muyambirenso. Ana ambiri sanaonepo munthu wamkulu akusaka yankho la masamu pamaso pawo; amangoona mayankho okonzakonza, n'chifukwa chake amaganiza kuti wodziwa masamu sakakamira.

Lachisanu likubwerali yambani ndi ili. Lembani manambala 1 mpaka 10 pa bolodi. Mwana afufute awiri alionse n'kulemba kusiyana kwawo m'malo mwake, wamkulu kuchotsa wamng'ono. Apitirize mpaka patatsala nambala imodzi. Kodi yotsalayo ingakhale 0? Mtsikana uja mukamuitane, mumupatse choko ndiye ayambe. Achite kasanu kapena kupitirira, anzake azilemba zotsatira m'mbali mwa bolodi, mpaka wina aone kuti yotsala siigawika ndi 2 nthawi zonse. Chifukwa chake inu muchisunge: onse pamodzi ndi 55, ndipo kufufuta a ndi b n'kulemba a − b kumachepetsa chiwerengerocho ndi 2b, choncho kusagawika ndi 2 sikusintha mpaka kumapeto. Akachipeza okha, wonjezerani 11 pa bolodipo, muwafunse ngati tsopano 0 angatheke, ndipo akati inde, akusonyezeni njira yake.